Moto Wogwada

Nditabwerera ku Mitundu anthu anandidziwa ndi zinthu ziwiri: sindinkadya nyemba, ndipo sindinkakhala m'nyumba yotseka chitseko. Pamaliro amayi ophika ankachita kukumbutsana kuti a ku Joni aja muwapatulire masamba. Ena ankati ndinazolowera soseji, ena ankati ndinakhwimira chuma ndipo sing'anga anandiletsa nyemba. Ndinkangoseka nawo. Kukhwima kwake kuti, munthu wobwera ndi maondo otupa ndi zikwama za zovala zosiyiridwa ndi mabwana?

Ndinachoka fodya atatigwetsa zaka zotsatizana, bambo a mwana wanga atapita kuutenanti ku Kasungu n'kukakwatira komweko. Mwana wanga Tiyamike anali atangoyamba sukulu. Ndinamusiya m'manja mwa mng'ono wanga, ndipo pa depoti ya Mitundu ndinamuuza kuti ndibwera chimanga chikamacha. Mawuwo ndinkawakhulupirira ine mwini.

M'basi ndinakhala ndi mayi wina wamfupi, wa mpata kumano, amene sanayankhule chichokereni mu Lilongwe. Titafika pa Nathenje anandigwira mkono mwamphamvu ngati tikudziwana.

"Taonani mango awo," anatero. "Kuseri kwakeko ndiye kwathu."

Analira mpaka tinadutsa pa Kamphata. Kenako anamina, anamasula kamba wake wa nkhuku yokazinga ndi mbatata, n'kundiikira pamwendo.

"Idyani, asisi. Kulira kumafuna mphamvu."

Ameneyo anali Esinta. Kuyambira tsiku limenelo sitinasiyane. Malire tinawoloka limodzi, kunyozedwa ndi apolisi limodzi, mpaka tinakafika mumzinda wa kunyanja uja timati ku Kepi. Ine ndinapeza ntchito ya m'nyumba, kuchapa, kusita, kulera ana a eni amene ankandikonda mpaka atakula n'kundiiwala dzina. Esinta anapeza kumalo osungirako okalamba, ntchito yochezera, kutembenuza nkhalamba za eni ndi kuzisambitsa. Kumeneko anaphunzira kutukwana m'zilankhulo zingapo, ndipo ankandiphunzitsa Lamulungu tikachoka kutchalitchi.

Tinkachita lendi kachipinda kuseri kwa nyumba ya bambo wina wa komweko. Zipinda zotere zinali zingapo, zomatikizana ngati makola a nkhunda, momwe munkakhala ife, anyamata a ku Zimbabwe ndi banja lina la ku Mozambiki. Bedi tinalibe. Tinali ndi matilesi amodzi apansi, iye ankagonapo masana, ine usiku. Ndikafika madzulo ndinkapeza akadali ofunda, nayenso akafika m'mawa ankapeza pamene ndadzukapo pakadali potentha. Esinta ankati matilesi athu ndiwo wantchito wamkulu m'nyumbamo, chifukwa sadziwa holide. Zimene tinkapeza tinkatumiza kumudzi, iye kwa mayi ake, ine kwa mng'ono wanga, ndipo amatransipota akamabwerera ankatitengera tizinthu ta kwathu: ufa woyera, chigwada chouma, nyemba.

Magetsi kumeneko ankazimazima kuposa kuno, musamve zonama. Mwini nyumba atatopa anagula masilinda aakulu a gasi, anawatsekera m'khola lachitsulo pambali pa nyumba, ndipo paipi yamkuwa inkayenda m'mbali mwa khoma kupita kukhitchini kwake, ku giza yotenthetsera madzi osamba, n'kudzathera ku zipinda zathu. Inali paipi yonenepa ngati chala chachikulu. Sitovu yathu inkayaka moto wobiriwira, woima njo, ndipo ndinkautamanda. Munthu wokulira mu utsi wa zitsononkho, kuphika maso osalira, ndinkaona ngati ndafika.

Tsiku lina anyamata akuba mkuwa anadula paipi yonse ija. Mwini nyumba anaitana munthu wotsika mtengo, amene anabwera ndi ina yoonda ngati kachala kakunkhonyo. Mmodzi wa anyamata a ku Zimbabwe anafunsa ngati ikwanire nyumba zonsezo. Mwini nyumba anayankha kuti gasi ndi yemweyo, wosafuna asamuke. Kwa eni kulibe mkuwe.

Kuchokera pamenepo moto wathu unaphunzira mwambo. Munthu akangotsegula madzi otentha m'nyumba yaikulu, giza ija inkamwa gasi yense, ndipo lawi la pa sitovu yathu linkatsika, n'kutsika, mpaka kutsala kamphete kakang'ono konjenjemera. Akamaliza kusamba linkadzukanso. Esinta ndiye anautcha dzina.

"Moto wathu ndi wolangidwa, asisi. Bwana akamasamba umagwada."

Ndipo nayenso ankagwada pambali pa sitovu, chikombe m'manja, n'kuwomba m'manja mwaulemu kuyang'ana kunyumba yaikulu: "Zikomo bwana, sambani bwino, mutsuke ndi kuseri kwa makutu." Ndinkaseka mpaka nthiti kuwawa. Tinkadziwa amene akusamba poona kutalika kwa kugwadako. Akazi a bwana ankaugwaditsa mpaka nsima kuchita madzi.

Kuzizira kwa ku Kepi kumabwera ndi mvula ndi mphepo yochokera kunyanja, yolowa mpaka m'mafupa. Esinta sankakupirira. Ankatseka pansi pa chitseko ndi sanza, m'mphepete mwa zenera ndi nyuzi, kuti pasalowe ngakhale kampweya. Loweruka lina anafika m'mawa ine ndikumanga duku. Mayi ake anali atamutumizira nyemba za kholophethe, ndipo anali ataziviika kale. Anazithira mumphika, anayatsa, anachepetsa moto kuti zizipsa pang'onopang'ono iye akugona.

"Pita, usachedwe. Ukamabwera uzipeza zapsa."

Kunyumba yaikulu kunali alendo a ukwati tsiku limenelo, odzaza mpaka pakhonde, ndipo ndikutuluka pageti ndinamva akukanganirana bafa.

Ndinaweruka dzuwa likadalipo. Fungo linandichingamira ndisanafike pachitseko. Nditakankha, sanza zija zinakana, ndinachita kugwiritsa phewa. Mnyamata wa ku Zimbabwe uja anakuwa kumbuyo kwanga kuti ndisakhudze switchi ya magetsi. M'chipindamo munali zii, kupatula kaphokoso kamodzi kochokera pa sitovu, kakang'ono, kosalekeza, ngati munthu akuletsa mwana kulira: shhh. Moto panalibe. Ndinagwira mphika, unali wozizira. Esinta anali pamatilesi, bulangete mpaka m'khosi, dzanja pansi pa tsaya monga ankagonera masiku onse. Ndinamuitana dzina. Ndinamuitananso la kwawo, la mfunda, limene ankati amamuitana mayi ake okha. Anyamata aja anamunyamulira panja, anayesa zonse zimene ankadziwa.

Gasi wa m'silinda ndi wolemera, anandiuza pambuyo pake, amayala pansi ngati madzi. Ife tinkagona pansi.

Mwini nyumba anati Esinta anatsegula sitovu n'kuiwala kuyatsa, chifukwa cha tulo. Ine ndinaona ndi maso anga akuyatsa, ndipo kamtengo ka machesi kopserera kanali pomwepo pambali pa mphika. Patapita masiku kunabwera munthu wovala ovolosi, anayenda m'mbali mwa khoma, anaigwira paipi ija ndi zala ziwiri n'kupukusa mutu. Zambiri zimene anakambirana ndi mwini nyumba sindinazimve. Ndinangomva kuti ndi yaing'ono, njira ndi yaitali, ndipo zoyatsa zachuluka. Moto unagwada nthawi yaitali, alendo akusamba motsatizana, mpaka unazima. Iwo atamaliza gasi anabweranso mwamphamvu, osapeza womuyatsa.

Chimene sichichoka m'maso mwanga si nkhope yake ayi. Nkhope inali yamtendere. Ndi nyemba zija. Ndinavundukula mphika tsiku lotsatira, pofuna kutsuka, ndipo zinali momwemo, zofufuma, zamawangamawanga, zosapsa, madzi ake atangoyamba kufiira. Ndinakazitaya kuseri, ndipo sindinathe kutsuka mphikawo.

Amalawi anzathu anasonkha monga timachitira. Bokosi linakwera pa ngolo yokokedwa ndi galimoto ya transipota, pakati pa mafiriji ndi mipando ya anthu ena, ndipo ine ndinakhala kutsogolo ulendo wonse, kumangocheuka. Pa Nathenje tinakhotera pa mango aja. Titaika maliro ndinafika ku Mitundu masiku ochepa. Tiyamike anabisala kuseri kwa chitenje cha mng'ono wanga, n'kumandisuzumira ngati wogula fodya. Ndikanakhala. Koma sukulu inkafuna yunifomu, nyumba inkafuna malata, ndipo ndinakweranso basi. Ndinapeza chipinda china, cha magetsi okhaokha, ndinagula matilesi ena. Amenewo ndinkawapeza ozizira tsiku lililonse.

Zaka zinapita osaziona. Chinkhoswe cha mwana wanga ndinachionera pa foni, ndili m'khitchini mwa eni, mawu akudukaduka. Maondo atakana ndinabwerera. Nyumba ya malata ndinaipeza, mng'ono wanga sanadye thukuta langa, Mulungu amudalitse. Koma Tiyamike anali atakula akumva ana a mng'ono wanga akunditchula amayi aakulu, ndipo nayenso ankanditchula choncho. Amayi ake anali mng'ono wanga. Ine, amene ndinamubereka pa chipatala cha Mitundu mvula ikugwa, ndinali amayi aakulu. Zinkandipweteka, sindibisa, koma ukasiya munda usadabwe wina akaulima.

Tiyamike anali atatengedwa chitengwa, ndipo mwa malo onse a m'dziko muno mwamuna wake anali wa ku Nathenje. Mnyamata wofatsa, woweta ng'ombe za mkaka. Ine ndi iye ndife apongozi, ndipo kwathu kuno mwambo umenewo sunafe. Tikakumana panjira wina amapatukira kutchire. Akafuna kundilonjera ankanjuta patali, kuseri kwa nkhokwe, nkhope kumbali, ine n'kuyankha ndikuyang'ana pansi. Maso ake sindinkawadziwa mtundu wake.

Atabadwa mdzukulu wanga Chisomo ndinakwera njinga yamoto ya kabaza kukamuona. Inali nyengo yachisanu, fumbi ndi mphepo. Tiyamike anandilandira bwino, mwaulemu wa mlendo, ndipo anandionetsa chonyadira chake. Kuseri kwa khola la ng'ombe kunali dzenje lomangidwa ndi simenti, lotsekedwa pamwamba, momwe amathiramo ndowe ndi madzi. Ndowe zikamaola zimatulutsa gasi, ndipo gasiyo amabwera ndi paipi mpaka kukhitchini.

"Nkhuni tinaiwala, amayi aakulu. Kuno mitengo inatha, anzanga amaphikira mapesi."

Anayatsa machesi. Moto wobiriwira unaima pansi pa poto. Ndinakhala pakhomo penipeni, mwendo umodzi kunja, ndipo ndinadziuza kuti usachite zamanyazi pamudzi wa eni. Mwana anali atamugoneka pamphasa m'khitchini momwemo, pafupi ndi khoma, poti ndimo munali mofunda. Tinkacheza za mitengo ya feteleza. Kenako, popanda wokhudza sitovu, lawi lija linayamba kutsika. Linatsika mpaka linatsala kamphete konjenjemera.

Ndinaloza sitovu.

"Watani motowo?"

"Aa, ndi bambo a Chisomo. Ayatsa sitovu yawo yaikulu kukhola, akuwiritsa madzi otsukira zigubu za mkaka. Akamaliza ubwerera."

Ndinadzuka n'kutsatira paipi ndi maso. Inkalowa pa kabowo pansi pa zenera, yapulasitiki, yoonekera mkati, ngati zija amisiri amayezera kuwongoka kwa khoma. Kabowoko kanali kakakulu, koboolera paipi ina, ndipo iyi inkangolendewera pakati, m'mbali mwake atatsekamo sanza.

"Inalipo kale ndi yomweyi?"

"Ayi, ija anaika omanga aja inali yonenepa. Ngolo inaiponda tikututa, inasweka. Iyi anakagula kwanu komwe ku Mitundu tsiku la msika."

"Ndi yaing'ono, mwanawe. Uwauze amuna ako."

Anaseka, koma kuseka kwake sikunafike m'maso.

"Amayi aakulu, kuno si ku Joni. Uyu ndi gasi wa ndowe, si wa m'silinda. Amayi anandiuza kale kuti munabwera ndi mantha."

"Mantha ndili nawo, inde. Koma uwauze."

"Ndikawauze kuti apongozi anu angofika lero, aona kale kuti simudziwa ntchito? Munthu wavutika yekha, wakumba yekha." Anatembenuza ndiwo mu poto, osandiyang'ana. "Zaka zonsezi takhala tikuphika inu kulibe. Sitinafe."

Mawu amenewo ndinawameza. Ndinanyamula mwana pamphasa paja n'kukhala naye panja mpaka nthawi yobwerera.

Mpongozi sadzudzula mpongozi mnzake pamaso. Nkhani ikakhalapo imadzera kwa ankhoswe, ndipo nkhoswe wa Tiyamike ndi achimwene anga. Ndinawapeza akusoka matumba pakhonde.

"Achimwene, ndabwera ndi nkhani ya ku Nathenje."

Anaika singano pansi. "Akumenyana?"

"Ayi."

"Mnyamatayo wayamba kuyenda?"

"Ayi, ndi munthu wabwino."

"Nanga n'chiyani?"

"Paipi."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Nditafotokoza anakanda m'mutu.

"Mlongo wanga, ukufuna ine ndipalase njinga mpaka ku Nathenje, ndikaitanitse nkhoswe mnzanga, atiyalire mkeka, atiphere nkhuku, kenako ndikhosomole ndinene kuti tabwera pa nkhani ya paipi? Adzati mbumba yathu yonse ndi yozungulira mutu. Iwe unalumidwa n'chakuda, ukuopa ndi khala lomwe."

Analonjeza kuti akadzakumana ndi mnzawoyo pamaliro ena adzaitchula mwa nthabwala. Ndinawafunsa kuti maliro ake a ndani. Nditangonena ndinachita mantha ndi pakamwa panga.

Choonadi n'chakuti inenso sindinkadziwa. Ine si mmisiri, ndinali wochapa. Mwina gasi wa ndowe ndi wofatsadi. Mwina achimwene ankanena zoona. Tsiku la msika ndinapita pa okala ya zitsulo, kwa bambo wogulitsa mapaipi, ndinaloza yoonekera mkati ija n'kufunsa ngati ingakwanire gasi wa pakhomo.

"Zimatengera, mayi. Kuchokera padzenje kufika kukhitchini n'kutali bwanji? Nanga masitovu ndi angati?"

"Awiri. Kutalika kwake ngati kuchokera pano kukafika pogulitsa nyama apo."

"Mmm. Mwina ikwanira, mwina ayi. Ena amagula, sabweranso kudzadandaula."

Ndinachoka ndi yankho limenelo. Amene sabweranso kudzadandaula ndinkamudziwa mmodzi.

Sabata imeneyo sindinakhazikike. Ndikamasenda chimanga ndinkamva shhh kumbuyo kwanga, ndikacheuka n'kupeza ndi mphepo m'mapesi. Ketulo ikayamba kulira ndinkaiphula madzi asanawire. Ndipo mphepo yachisanu inkakulirakulira, ndinkadziwa kuti mwana wanga, monga mayi aliyense wa khanda, wayamba kutseka chitseko cha khitchini.

Ndinakweranso kabaza. Tisanafike ndinauza woyendetsa aime pa mango aja. Manda a kwawo kwa Esinta ali m'kankhalango pafupi ndi msewu, koma kumanda sulowa wekha popanda eni mudzi. Ndinangoima m'mphepete, fumbi likundimenya, ndikuyang'ana mitengo. Sindinapemphere. Ndinangonena kuti, asisi, ndikukachita zamanyazi, undiperekeze.

Ndinafika masana, nthawi yokama. Sindinalowe kukhitchini. Ndinazungulira nyumba n'kulunjika kukhola, kumene apongozi anga anali atanjuta pansi pa ng'ombe, ndowa pakati pa miyendo. Atandiona anadzambatuka, mkaka unatayikira. Anavula chipewa, anayang'ana uku ndi uku kufuna pothawira, koma kumbuyo kwawo kunali ng'ombe. Ine ndinagwada pomwepo, pa ndowe, maondo anga otupawa akulira, nkhope kumbali.

"Apongozi, mundikhululukire. Ndalumpha ankhoswe."

Nawonso ananjuta, kuyang'ana ng'ombe. "Kwagwanji, amayi?"

Tiyamike anabwera akuthamanga, mwana kumsana. "Amayi aakulu! Mukutichititsa manyazi, anthu akuona! Dzukani!"

"Asiye," anatero mwamuna wake motsitsa. "Munthu wamkulu sagwada pa ndowe popanda chifukwa."

Ndinayankhula ndikuyang'ana pansi. Nkhani imene sindinauzepo mng'ono wanga, ngakhale achimwene, ngakhale mayi ake a Esinta amene ndinangowauza kuti anafa ndi mpweya woipa, ndinaiuza mnyamata amene mwambo umati ndisamuyang'ane. Ndinanena za paipi yamkuwa ndi ina yoonda, za giza, za mnzanga wogwada ndi chikombe m'manja. Ndinanena za sanza pansi pa chitseko, za mphika wozizira, za mawu ake otsiriza. Ng'ombe inkangobzikula. Nditamaliza ndinati:

"Ine sindidziwa ngati paipi yanu ndi yokwanira. Ndafunsa, palibe wandiuza zoona. Mwina gasi wanu ndi wina. Koma moto wogwada ndinauonapo, ndipo mdzukulu wanga amagona pansi."

Apongozi anga anapotokola chipewa m'manja.

"Esinta wa kuseri kwa mango uja?" anafunsa. "Manda ake ndinakumba nawo. Ndinali ndisanakwatire." Anapuma. "Kunena zoona, amayi, nanenso sindidziwa. Wogulitsa anati gasi ndi mpweya, mpweya umadutsa paliponse. Yonenepa ija inalibe pamsika, ndipo nyumba sikanakhala osaphika. Tiyeni tiuone motowo limodzi. Amake Chisomo, kayatse."

Tinalowa kukhitchini awiri, ine ndi mwana wanga, iye atakwiya. Anamasula mwana, anamugoneka pamphasa paja mwachizolowezi, anayatsa. Moto unaima bwinobwino. Kuchokera kukhola tinamva mawu: "Ndayatsa!"

Unayamba kutsika. Ndinkaudziwa mayendedwe ake onse, ngati nyimbo yakale. Unatsika, mbali imodzi ya kamphete inazima, inayakanso, inazimanso. Kamphepo kanalowa pakhomo, lawi linapendama, linatsala ngati kambewu ka mpiru. Ndinagwira mphuthu ya chitseko. Kenako linagwira, linakhala pomwepo likunjenjemera, losafa.

Tiyamike anatulutsa mpweya. "Mwaona? Sunazime. Umatero tsiku lililonse, suzima ayi."

"Wathunso sunkazima, mwanawe," ndinatero. "Unazima tsiku limodzi lokha."

Anayang'ana lawi lija, kenako sanza zotsekera kabowo, kenako mphasa. Mwana anali m'tulo, kadzanja pansi pa tsaya. Anatseka sitovu, ananyamula mwanayo, anamufungatira mwamphamvu mpaka anadzuka n'kulira, ndipo anatuluka naye kupita kukhola. Zimene anakambirana sindinazimve. Ndinangoona paipi ija ikusololoka pa kabowo, ikukokedwa kuchokera kunja, mpaka panatsala kuwala kokha.

Anabwerera ku mapesi ndi zitsononkho, utsi ndi misozi, kwa masabata angapo. Anthu a pamudzipo analankhula, ndinamva. Anati mayi wa ku Joni uja alibe mwambo, anakalowa m'khola mwa mpongozi. Achimwene anandikalipira, kenako anapalasa njinga ija imene ankaikana, kukapepesa kwa nkhoswe mnzawo, ndipo nkhuku anawapheradi. Apongozi anga anakafuna mmisiri amene anamanga dzenje lija. Iyeyo anayeza mtunda, anafunsa za masitovu onse awiri, anabweretsa paipi yakuda yonenepa kuchokera m'tauni n'kuikwirira pansi kuti ngolo isadzaipondenso.

Atamaliza, Tiyamike anandiimbira foni kuti ndibwere. Ndinapeza wayatsa kale, pamoto pali mphika wovundikira. Fungo ndinalidziwa ndisanakhale pansi. Anandiikira mpando pakhomo, chitseko anachitsegula mpaka kukhoma n'kuchitsamiritsa ndi mwala, anandipatsa mwana.

Kukhola kunamveka mawu a apongozi anga, olunjika kwa mkazi wawo koma ofuna makutu anga: "Ndayatsa!"

Ndinayang'ana. Lawi linaphethira kamodzi, n'kuima pomwe linali.

Sindinachotsepo maso. Mwana anagona, anadzuka, anayamwa, anagonanso. Mthunzi wa nyumba unasuntha pabwalo. Tiyamike ankathira madzi, kuvundikira, kutuluka, kubwera, ine ndili pomwepo ngati mlonda, ndikumvetsera mphika ukubwata. Ndinkaganiza za munthu wamfupi wa mpata kumano amene akanaseka kuona moto wopanda mwambo chotere, wosagwadira ngakhale mwini khomo. Ali kuseri kwa mango, mtunda wongoyenda pansi kuchokera pakhitchini imeneyo, ndipo sadzauona.

Dzuwa litapendeka mwana wanga anavundukula, anatapa nyemba imodzi ndi chikombe, anaifinya ndi zala. Anabwera ndi beseni la madzi, anagwada patsogolo panga. Sananditchule amayi aakulu.

"Amayi," anatero, "zapsa."

Mawu amenewo ndinali nditawadikira kuchokera Loweruka lija. Ndinamupatsa mwana, ndipo ndinasamba m'manja.